Asilikali M'munda Mwanga

Chaka chatha sindinakolole. Mvula inagwa bwino, mbewu inalinso yabwino. Wondifunsa chifukwa ndimamuyankha kuti njovu, ndipo si bodza kwenikweni. Koma anthu a kuno ku Malama akudziwa zonse. Bola ndinene ndekha iwo asanathiremo nsinjiro.

Munda wanga uli kufupi ndi mtsinje. Chimanga chikayamba kukhwima, njovu zimabwera ngati zinandithandiza kupalira. Anzanga amaziopseza ndi zitini, ena amawotcha ndowe zosakaniza ndi tsabola. Ine ndawomba chitini zaka zambiri, mpaka njovu zinazolowera. Pali ina yaikazi ya mnyanga umodzi. Imeneyo imadya ikugwedeza mutu, ngati ndikuiimbira pa ukwati.

Tsiku lina ndinapita ku Mfuwe kukagula tcheni cha njinga. Podikira galimoto yobwerera, ndinalowa m'kanyumba koonetsa mafilimu. Ndinapeza ya nkhondo yakalekale. Azungu ovala majekete ofiira atafola mzere, kutsogolo mmodzi akuliza chitoliro, awiri akuwomba ting'oma. Nyimbo yolasa m'khutu. Ine wosamva Chingerezi, msana unawongoka wokha. Ndinati mumtima: iyi ndi nyimbo yothamangitsira mdani. Njovu ndi mdani. Basi. (Kuganiza konse kunathera pomwepo. Sukulu ndinalekezera giredi seveni, koma pa ichi aphunzitsi alibe mlandu.)

Vuto linali kuipeza nyimboyo, poti dzina la filimu sindinalione. Patapita sabata ndinabwerera kwa mwini kanyumba kaja.

“Ya nkhondo iti, atate? Ndili nazo zambiri. Ya ndege? Ya karate?”

“Ya azungu ofiira.”

“Ndi dzuwa la kuno, mzungu aliyense ndi wofiira.”

Ananditumiza kwa Amai Zulu, amene ali ndi kompyuta pamsika ndipo amaikira anthu nyimbo m'mamemore a foni.

“Mwaswera bwanji, atate? Mukufuna za kwaya kapena zovinira?”

“Za nkhondo.”

“Woimba ndani?”

“Msilikali.”

“Dzina lake?”

“Sanandiuze.”

“Ndiye taimbani timve.”

Ndinaliza likhweru. (Mano awiri akutsogolo ndilibe. Chimene chinatuluka ndi mphepo ndi malovu.) Amai Zulu anamvetsera mwaulemu, kenako anandiyatsira nyimbo ya malipenga ya pamaliro. Ndinakana. Anayatsa ina ya ana a sukulu. Ndinakananso. Pamenepo mtima unatentha. Ndinasolola pampu ya njinga m'thumba langa, ndinaigwira chopingasa pakamwa ngati chitoliro, ndipo ndinaguba. Ine, munthu wa zidzukulu, kuguba pakati pa tomato ndi kapenta. Azimai ogulitsa anayamba kuwomba m'manja. Wina anakuwa kuti, “Mwendo wakumanzere ukutsalira, a kaputeni!”

Koma zinathandiza. Mwini mafilimu uja anali atatuluka kudzaonerera, ndipo anafuula kuti, “Aa, ija ya majekete! Mukananena!” Anabweretsa filimuyo, Amai Zulu anachotsamo mawu okhaokha n'kuwaika m'memore.

“Ndatenga gawo lonse, mphindi teni,” anatero. “Mumvetsere kaye mpaka kumapeto.”

Ndinamva poyambira. Chitoliro chomwe chija, ng'oma zomwe zija.

“Nyimbo ndikuidziwa, amai.”

Sipika ndinabwereka ya kwaya ya kutchalitchi, ija yaikulu yokhala ndi batire yake. Akazi anga, amake Daliso, amaimba m'kwayamo, ndiye anandipemphera. Pondipatsa anangoti, “Atate ake Daliso, njovu sizionera filimu.” Ndinangonyamula sipika n'kumapita. Munthu wa nzeru zatsopano sakangana ndi anthu a zitini.

Nsanja yanga yolondera ili mumtengo, kumapeto kwa munda, pamene njira ya njovu imatulukira kuchokera kumtsinje. Ndinakweza sipika ndi chingwe, ndinaimangirira panthambi. Cha m'ma faifi madzulo njovu zinafika. Zisanu ndi imodzi, ya mnyanga umodzi patsogolo.

Apa ndinene zoona. Aliyense kuno amadziwa lamulo lake: phokoso umachita njovu zisanalowe, kapena uli mbali ya kumudzi, kuti njira yobwerera kumtsinje ikhale yotseguka. Inenso ndimadziwa. Koma ndinkafuna kuziona zikuchita manyazi. Ndinazisiya zidutse pansi panga, zilowe bwinobwino, ziyambe kudya. Kenako ndinadina batani.

Chitoliro chinalira. Ng'oma zinagunda. Chigwa chonse chinamva. Ya mnyanga umodzi inakweza chitamba, inatambasula makutu, inayang'ana mtengo wanga. Kenako inathyola chimanga china n'kuponya m'kamwa. Zinzake zinachita chimodzimodzi. Ndinawonjezera voliyumu mpaka pothera. (Nzeru ikakana kugwira ntchito, umaikweza mawu.)

Mwadzidzidzi chitoliro chinaduka. Mzungu wina anakuwa. Ndiye mzinga. Phuu! Mtengo wonse unanjenjemera. Mfuti zinatsatira, zambirimbiri, akavalo akulira, amuna akubuula ngati akuchotsedwa mano. Ndinali nditaiwala kuti asilikali saguba kupita kuphwando.

Woyamba kuthawa nkhondoyo anali amene anaibweretsa. Makwerero sindinawagwiritse ntchito. Ndinapezeka pansi m'matope, sipika itatsala m'mwamba, batani lake lilinso komweko.

Njovu zinathawadi. Koma nkhondo inali kumbuyo kwawo, panjira yopita kwawo. Ndiye zinathamangira kutsogolo, kudutsa m'litali mwa munda wonse. Kufika kufupi ndi mudzi zinapeza anthu akukuwa, akuthawa ndi ana ndi mbuzi. Zinatembenuka, zinabwerera, zinakumananso ndi mizinga, zinatembenukanso. Katatu. Ine ndili chigonere, ndikumva mapesi akuthyoka. Potsiriza zinaboola mpanda wa m'mbali n'kulowa m'tchire.

Kuno kulira kwa mfuti kumatanthauza chinthu chimodzi: opha nyama mozemba. Kampu ya alonda a nyama siili kutali. Anafika anayi akuthamanga chowerama, ndi mfuti zenizeni.

“Gona pansi!” anakuwa mkulu wawo.

Ndinali nditagona kale.

“Anzako ali kuti? Mfuti zilipo zingati?”

“Zambiri, bwana.”

“Za ndani?”

“Za azungu.”

“Ali kuti azunguwo?”

Ndinaloza mumtengo. Nthawi yomweyo kavalo analira m'mwambamo. Alonda anayang'anana. Mmodzi anakwera pang'onopang'ono, mfuti ili patsogolo, ndipo patapita kanthawi nkhondo inatha. Anasuzumira pansi.

“Bwana, adani agonja. Palembedwa kuti ‘Kwaya ya Amai’.”

Anaseka mpaka mmodzi anakhala pansi. Ine ndinapempha chilolezo chodzuka. Anati ndidikire amalize.

Anthu a m'mudzi anayamba kufika, amake Daliso patsogolo. Sanandiyang'ane. Anayang'ana munda. Chimanga chimene chinali chondipitirira mutu chinali chitagona chonse ngati mphasa. Anawerama, anatola chitsononkho chophwanyika, anachitembenuza, anachibwezera pansi bwinobwino.

Mkulu wa alonda anatulutsa buku limene amalembamo minda yowonongedwa ndi nyama.

“Dzina la mwini munda talemba. Tsopano apa pa chimene chawononga. Tilembe njovu?”

“Lembani awa,” anatero amake Daliso, akundiloza. “Njovu zimadya n'kusiyako.”

Sindikudziwa chimene mkulu wa alonda uja analemba. Atatseka buku anandiyandikira, akupukuta misozi.

“Mdala, filimu imeneyi ndinaionerapo. Inu munafika nayo kumapeto?”

“Ayi. Galimoto inabwera.”

“Aja a chitoliro aja anaphedwa onse. Ndi ng'oma zawo zomwe.”

M'mawa mwake tinatola zotsala. Zinakwana madengu awiri. Chaka chonse tadya za kwa apongozi, ndipo apongozi anga sapatsa munthu chimanga popanda ulaliki. Kutchalitchi ndikalowa, amai a kwaya amagunda mapazi pansi mwakachetechete, kumanzere, kumanja, mpaka nditakhala.

Ena akuti ndaphunzirapo kuti nzeru za m'filimu zizitsala m'filimu. Mwina. Ine chimene ndinaona ndi chakuti njovu zinathawa, ndipo palibe angatsutse. Ndinangolakwitsa gulu. Pano ndikufunafuna nyimbo ya aja anapambana.