Nyumba Yathu Ikumira Mochedwa, Bwana

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira za Inshuwalansi m'chigawo chathu chino cha Amereka,

Wolemekezeka Bwana,

Ndikadagwada polemba kalatayi, koma kugwada m'nyumba mwanga masiku ano n'koopsa: ukagwada pabalaza umakadzukira kukhitchini. Ndine Earline Tuttle, kamunthu kachabechabe kopuma pantchito yophikira ana asukulu. Amuna anga, a Dewey, chidwalire matenda ofa ziwalo amayendera chikuku. Nyumba yathu ili kuseri kwa munda wa malalanje, ndipo ngodya yake ya kukhitchini ikulowa pansi. Odziwa za nthaka akuti kunsi kwake madzi akumba phanga.

Sindikudandaula ayi. Ndalemba kuti ndithokoze.

Choyamba, zikomo chifukwa cha lamulo lanu lanzeru, lakuti kampani ya inshuwalansi ilipire mwini nyumba pokhapokha nthaka itagumuka mwadzidzidzi, dzenje likuoneka ndi maso, ndiponso boma litalamula kuti m'nyumbamo musakhalenso munthu. Ife mbuli tinkayesa kumira n'kumira basi. Sitinkadziwa kuti pali kumira kovomerezeka ndi kumira kwachibwana. Yathuyi ikumira mwaulemu, pang'onopang'ono, ngati mkamwini akukhala pansi kwa apongozi. Wolakwa ndi iyoyo, osati inu.

Chachiwiri, zikomo chifukwa a Dewey ayambanso kuyenda. Madokotala analephera, lamulo lanu lakwanitsa. Ndikangoiwala kumanga buleki, chikuku chimanyamuka chokha pabalaza, liwiro ndithu, mpaka kukagunda firiji. Tsiku loyamba anakuwa kuti, "Earline, ndigwire, ndikupita kwa Ambuye!" Pano anazolowera. Amangonyamuliratu kapu yawo n'kundifunsa kuti, "Mayi, pali choti ndikutengere kumunsiko?" Zovuta n'zobwerera. Kukankha bambo wa thupi lake pachitunda, m'nyumba mwako momwe, msana wokalambawu umachita kulira ngati chitseko.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha bambo wa kampani amene anadzationa. Munthu waulemu, wonunkhira bwino. Ataika cholembera chake patebulo, chinagubuduka. Anachithamangitsa chowerama mpaka kukhitchini, n'kubwera ali wefuwefu, n'kulemba ndi cholembera chomwecho kuti sanaone chadzidzidzi chilichonse. Ndinamuonetsa mng'alu wapakhoma womwe abuluzi amadutsa awiriawiri akucheza. Iye anati, "Amayi, umenewo ndi ukalamba wa nyumba. Ngakhale inu makwinya muli nawo." Mkate wanga wa chimanga masiku ano umatuluka mu uvuni mbali ina yonenepa, ina ngati pepala. Ndinamudulira ya pepalayo.

Chachinayi ndi nkhani ya a Purvis Odom, oyandikana nafe. Iwo nthaka inawakonda. Lamulungu lina ali kutchalitchi, dzenje linameza garaja, boti ndi theka la balaza kamodzin'kamodzi, khwiii. Kampani inalipira mosavuta, ndipo lero akukhala m'nyumba yatsopano, akuwedza nsomba. Msewu wonse tikufa ndi nsanje. Kale ndinkapemphera kuti, Ambuye gwirizizani nyumba yanga. Tsopano ndimati, Ambuye itayeni, bola tili panja. Taonani mmene lamulo lanu lakuzira chikhulupiriro changa.

Mayi Odessa Crump, mtsogoleri wa kwaya yathu, atamva pemphero limeneli anati, "Mlongo Earline, usalire. Makoma olimba kuposa awa anagwapo ndi nyimbo. Tikubwera." Anabweradi, amayi a mphamvu zawo okhaokha, n'kuunjikana pangodya ija. Anaimba, anaponda, anadumpha, thukuta kamukamu. A Dewey ndinali nditawamangirira kumtengo panja, akuwomba mwendo ndi dzanja lawo labwinolo, akufuula kuti, "Pondani, amayi, pondani!" Chinagwa ndi shelefu ya mbale zanga zaukwati. Nyumba inangotsika pang'ono, mwaulemu monga mwa nthawi zonse.

Kampani itamva, inatichenjeza kuti kufulumizitsa dzenje dala n'chinyengo, ndipo mathero ake ndi kundende. A Dewey anafunsa ngati pansi pa kundendeko m'poyalana bwino, chifukwa ngati ndi choncho iwo ali okonzeka.

Kugulitsa nyumbayi sitingathe, Bwana. Angagule ndani nyumba yomwe msuzi umathawa m'mbale? Kusamuka nako, tilowera kuti ndi chikuku? Tangokhala, tikudikira tsoka lokwanira bwino pamalamulo.

Tsono pempho langa ndi laling'ono. Bwerani kudzadya nafe, inu ndi komiti yonse imene inalemba lamuloli. Timakuonani pa kanema. Mulungu anakudalitsani ndi matupi oyenera maudindo anu. Ndidzakazinga nkhuku ndi nsomba, nyemba zidzakhalapo, tiyi wozizira wa shuga wambiri. Tebulo ndidzayala pangodya ya kukhitchini, ndipo aliyense adzawonjezere mmene angafunire. Ulendo wa boma palibe angautche chinyengo. Ine ndi a Dewey, pozindikira kuchepa kwathu, sitidzadya nanu limodzi. Tidzakhala kutsidya kwa msewu, maso ali tcheru, kuti tidzachitire umboni kuti zinachitikadi mwadzidzidzi.

Chonde, chikalata cholamula kuti m'nyumbamo musakhalenso munthu mudzasainiretu musanakhale pansi.

Ine wanu wotsikitsitsa, amene akutsikirabe,

Earline Tuttle (Mayi)