Mmene ndinachiritsira njinga ya akamwini

Mpaka lero ndikamadutsa pa shedi ya kuseri kwa nyumba ya mwana wanga ku Selly Oak ndimayang'ana kumbali. Kiyi wake anandilanda mwaulemu kwambiri, ndipo sindinachite makani.

Kwathu ndinakonza njinga zaka zambirimbiri pansi pa mtengo wa mango pamsika. Sukulu ndinalowa imvi zitayamba kale, ya kwacha ija, choncho powerenga ndimayenda ngati ngolo yodzaza. Koma njinga ayi. Njinga ndinkadziwa matenda ake mwini wake asanatsike. N'chifukwa chake mwana wanga Esinati, amene ndi nesi kuno kudziko la azungu, atandiitana kuti ndidzaone dziko, ndinabisa masipanala anga awiri pakati pa malaya.

Mwamuna wake, a Mbewe, amagwira ntchito kufakitale ya magalimoto ku Solihull, ndipo ali ndi njinga yokwerera mapiri. Matayala onenepa ngati a mthuthuthu, yopanda kaliyala, yopanda belu. Foloko yake ndi mapaipi olowerana, yoti ukaponda mwala imafwamphuka ngati matiresi. (Kwathu foloko ikayamba kusuntha timati yathyoka. Kuno amachita kugula dala.)

Tsiku lina mu Januwale kunazizira mpaka madzi a m'ndowa anauma gwa. Akamwini analowa akupukusa mutu, n'kuuza mkazi wawo kuti, "Foloko ija yafuntha. Ikumira kwambiri, pobwerera ikuchita ulesi. Ndiye Loweruka tikukakwera njinga kunkhalango ya Cannock ndi anyamata akuntchito, ndikachita manyazi."

Ine maso ndinalozetsa pa TV ngati sindikumva. Mpongozi salowerera nkhani za mkamwini. Koma mumtima ndinati, miyezi itatu ndikudya zawo, kuwotha hita yawo, lero Mulungu wandipatsa pobwezera.

Lachisanu onse atapita kushifiti, ndinavala majuzi atatu n'kulowa mushedi. Ndinayamba ndi madzi otentha a m'ketulo. Nditathira pamapaipi aja, foloko inayamba kudumpha ngati mbuzi yomasulidwa. Ndinadziombera m'manja n'kupita kukamwa tiyi. Pobwerako madzi aja anali atauma pansi, ndipo ndinaterereka n'kulowa mushedimo chokhala, miyendo m'mwamba. Foloko inali yabwerera ku ulesi wake.

Kenako ndinayesa mafuta ophikira. Palibe chinasintha, kungoti njinga inayamba kununkhira ngati pachiwaya.

Apa m'pamene ndinaona kachitsekero pamwamba pa mwendo wakumanzere wa foloko, pambali pake pali kapepala ka Chingerezi. Ndinawerenga liwu loyamba, lachiwiri linandikana, ndiye ndinati zaka zanga zonsezi njinga sinandilemberepo kalata. Ndinatenga sipanala. Kupotoza kamodzi, kawiri, kachitatu, phuu! Kachitsekero kanakamenya denga, ine ndinangopezeka ndili panja, chipewa chili kwina. Mayi wachizungu woyandikana nafe anasuzumira pampanda kufunsa ngati ndili bwino.

"Fayini, fayini," ndinatero.

Nditabwerera mkati ndinapeza njinga yagwada ngati ikupemphera. Kani mkati muja munali mpweya! Ndinatseka, n'kuyesa pampu ya matayala, koma ndikamachotsa pampu mpweya wonse unkathawa. Thukuta linatuluka, kunja kuli chisanu.

Ndiye nzeru ya pansi pa mango inabwera. Vuto la foloko iyi n'kumira. Chinthu chikamamira umachiikira mzati. Ndinakatenga mopu kukhitchini, ndinayeza ndi chingwe, ndinadula mpini wake ndi sowo, n'kulowetsa chidutswacho mupaipi. Chinakwana ngati anachipangira momwemo. Nditatseka, njinga inaima njo ngati msilikali. Ndinaikwera, ndinaidinikiza ndi thupi lonse, osasuntha ngakhale pang'ono. (Ndivomere, ntchito imeneyo ndinainyadira.) Mopu wotsalawo ndinaubisa kuseri kwa filiji.

Loweruka m'mawa akamwini anangoiponya m'galimoto osaiyesa. Anabwerako masana akuyenda ngati nkhalamba kuposa ine. Kapu ya tiyi anaigwira ndi manja awiri, tiyi akutayikira pathebulo.

"Kwagwanji?" anafunsa Esinati.

"Muzu uliwonse wa m'nkhalango muja ndaumva m'mano. Anzanga amandidikira pansi pa phiri lililonse akujambula. Wina wati ndimatsika ngati wilibala."

Anayala manyuzipepala kukhitchini, n'kulowetsa njinga. Anadina valavu, zii, mpweya osatuluka. Anatsegula kachitsekero kaja, anasuzumira, anapisa zala ziwiri, n'kusolola mtengo wabuluu wotalika ngati mkono. Nthawi yomweyo Esinati, pofuna kupukuta tiyi uja, anatulukira kuseri kwa filiji ndi mopu wofika m'chiuno, wabuluunso.

Akamwini anayang'ana mtengo, anayang'ana mikwingwirima ya sipanala pakachitsekero, koma ine sanandiyang'ane. Mwana woleredwa bwino uja sangaloze chala mpongozi wake. Anatsokomola n'kunena kuti, "Mwina akufakitale anaiwalamo."

Khomo lothawira linali limenelo, lotsegula bwinobwino. Ndipo ine khomo lotere ndinalowapo kale. Tili achinyamata ndinapinda gudumu la njinga ya bambo athu, mlandu n'kugwera mng'ono wanga Yohane. Ndinkati ndidzamuuza mawa, ndidzamuuza mawa, mpaka tinakamuika m'manda ndisanatsegule pakamwa. Chimenecho chimandidzutsabe. Ndinaona kuti msana wanga sungasenze njinga ziwiri.

"Akamwini," ndinatero, "fakitale yake ndi ine."

Esinati anakhala pansi ndi mopu wake, kuseka mpaka misozi. "Adadi! Mpini wa mopu? Njinga ya eni ake mwaisandutsa khasu?"

"Iwe, usawaseke adadi," anatero a Mbewe, koma mapewa awo ankagwedezeka. Kenako anandikokera mpando n'kundifotokozera. Akuti kukazizira mafuta a mkati amalimba ngati uchi wa mu Juni, timalabala timauma, ndipo mpweya umafooka. N'chifukwa chake foloko imamira msanga koma n'kumabwerera mwaulesi. Mankhwala ake? Anatulutsa m'thumba kapampu kakang'ono ngati chitsononkho, n'kundionetsa kabatani kofiira kunsi kwa foloko.

"Kuwonjezera mpweya pang'ono, kupotoza aka kawiri."

"Basi?"

"Basi, adadi. Ndimati ndichite m'mawa uja, ndinaiwala."

Foloko inapita kwa amisiri ake kukasintha zimene mtengo wanga unaphwanya mkati, ndipo akuti chidutswa chija anachipachika pakhoma m'shopu mwawo. Ine chilango changa chinachokera kwa Esinati: anakana kugula mopu wina kwa sabata ziwiri, ndipo wokolopa khitchini chowerama ndinali ine.

Ndaphunzira kuti chinthu cha eni ake umayamba wafunsa, ndipo kapepala kakakukana umadikira odziwa kuwerenga. Zimenezo ndavomera. Koma tinene zoona, anthuni. Dandaulo linali lakuti foloko ikumira. Tsiku lonse lija, mapiri onse aja, akamwini akunena okha kuti sinamire ngakhale kamodzi.