Mmene ndinatsegulira apongozi khomo la laputopu yanga

Mpaka lero ndikamatsika minibasi pa Zalewa, ndimayamba ndaima kaye ndisanalowere kwa apongozi. Chinandilakwitsa ndi kanthu ka pa kompyuta kotchedwa tanelo.

Ine ndimapanga mawebusaiti kuno ku Neno Boma (amayi anga amauza anthu kuti ndimakonza mafoni, ndinatopa nako kuwatsutsa). Chinkhoswe changa ndi Tiyamike chitayandikira, ndinaganiza zodzigulira ulemu powapangira mayi ake, aNambewe, webusaiti ya golosale yawo ya pa Zalewa. Mkamwini wanzeru, eti!

Webusaiti ikamapangidwa imakhala mu laputopu yako basi, palibe wina angaione. Ndiye pamalo pofunika mawu umangolembapo zilizonse zongogwirizira. Ine pansi pa chithunzi cha apongozi ndinalemba kuti: "Eni golosale. Olusa ngati mavu, gulani msanga muzipita."

Tiyamike anafuna kuona ntchitoyo ali kwawo. Ndinatsegula tanelo, kanjira kolumikiza laputopu ndi intaneti kuti aliyense amene ali ndi linki aone zimene ukupanga. Ndinamutumizira linkiyo, za mavu nditaiwaliratu. Iye, pondinyadira, anaiponya pa gulu la pa foni la banja lawo asanaitsegule n'komwe.

Foni inalira.

"Iwe, wawalemba chiyani amayi?" ananong'ona Tiyamike. "Amalume awerenga mokweza pakhonde pano!"

Amalumewo ndiwo ankhoswe. Ndinachita mantha zenizeni, ndinaona ukwati ukundipulumuka m'manja.

Munthu wanzeru akanangotseka tanelo, zonse n'kuzima. Ine ayi, ndinayamba kukonza mawu. Ndinafufuta mavu n'kulemba "Ofatsa ngati nkhunda". Nditaona kuti ndanyanya, ndinasintha: "Olusa pang'ono koma achilungamo". Kenako "Mayi achifundo". Chimene sindinakumbuke n'chakuti tanelo ikakhala chitsegukire, chilichonse ukasintha chimaonekera pompo pa mafoni a anthu. Banja lonse linkandionerera ndikuphiriphitha.

Foni inaliranso. Kwathu kuno mkamwini sacheza chisawawa ndi apongozi, koma tsikulo foni anaitenga okha.

"Bambo, mwaswera bwanji?"

Ndinagwada. Ndekhandekha m'chipinda, pasimenti, foni ili kukhutu (musaseke, nanunso mukanatero).

"Ndaswera bwino amayi, kaya inu?"

"Ife tili pano tikuwerenga. Mwatisinthasintha mokwanira. Tsono mutiuze, ndife mavu kapena nkhunda?"

Chapatali ndinkamva amalume akuseka mpaka kutsokomola.

"Bwezeranipo za mavu zija," anatero aNambewe. "Zinazi mwalemba ndi mantha. Mwana wanga sangakwatiwe ndi munthu wabodza."

Ndinabwezerapo za mavu zija, ndipo chinkhoswe chinachitika bwinobwino.

Masiku ano tanelo ndimaitseka ndisanayankhe n'komwe foni. Koma ndikafika pagolosale paja, apongozi amandipatsa mpando mwaulemu, kenako n'kutembenukira kwa Tiyamike, makasitomala ali pomwepo:

"Tawafunsa bambowa, lero ndife ati?"