Kuveka Tchalitchi cha Adada

Lolemba

Uthenga wabwera ndi abusa. Loweruka kukubwera mayi wa ku Blantyre, Mayi Mbewe, katswiri wa nyumba zakale. Akuti ntchito yake ndi kuyendera nyumba zokalamba n'kuweruza kuti iyi isungidwe, iyi ayi. Akudzaona tchalitchi chathu chakale, chija chili kuseri kwa chatsopano.

Nkhani ili apa. Akanena kuti nchoyenera kusunga, chikhala, ndipo achikonza. Akanena kuti ayi, a Jere ndi komiti yawo ya zomangamanga achigwetsa, njerwa zikamangire mpanda ndi zimbudzi. Anagwirizana kale. Ndinakweza dzanja lokana ndine ndekha, ndipo mumtima sindinalitsitsebe.

Njerwa zimenezo anaumba nawo adada ali mnyamata. Kumanzere kwa chitseko, pofika m'bondo, pali njerwa imene anadindapo chikhatho chawo isanaume. Chala chapakati nchachifupi, chinadyedwa ndi nkhwangwa. Dzanja limenelo likakhale m'chimbudzi? Ine ndili moyo, ayi.

Abusa akuti mayiyo watumiza mawu akuti: "Musakhudze kalikonse, ndichipeze mmene chilili." A Jere avomera msangamsanga. Ophunzira amamva mawu okha. Ine sukulu sindinaipondeko. Zilembo ndinatola ku Chikangawa kwa mnzanga wa ku Dedza tikucheka matabwa, nchifukwa chake ndimalemba Chichewa, osati chiyankhulo cha kwathu kuno kumpoto. Koma ulemu ndimaudziwa. Mlendo aliyense amati musavutike, nkhuku imafabe. Ndani amaonetsa mlendo ming'alu ya m'nyumba mwake?

Zochita:
simenti, kumata ming'alu ndi khoma lakutsogolo
penti wabuluu amene anatsala pa golosale ya mwana wanga
mipando yadothi kuigumula, kubwereka yapulasitiki
chitseko cha mlombwa chichoke, kwa mmisiri Tembo kuli chachitsulo
mileme isamuke

NyaShaba, mkazi wanga, wati: "Madala inu, anthu anena kuti musakhudze." Ndamufunsa ngati madzi osamba atentha.

Lachiwiri

Tonde wanga wapita, m'malo mwake mubwera simenti. Tembo, mmisiri wathu womanga, wanyamuka ndi ngolo kukaitenga ku Manyamula. Kumwamba kuli mbee. Ndasesa pakhomo pa tchalitchi, ndazula chisoso m'mbali mwa khoma. Mtima uli m'malo.

Masana mitambo yaunjikana cha kumadzulo. Ndaiyang'ana, ndati siibwera kuno. Yabwera. Chizimalupsa cha chaka chino chasankha lero.

Tembo wafika madzulo, ng'ombe zikudontha, iye akudontha, matumba akudontha. Lona lofunditsa matumba anaiwala. Wati: "Mbwenu adada, mvula ndi ya Chiuta." Ndamuuza kuti lona ndi la munthu. Lapulumuka thumba limodzi lokha, limene anakhalira njira yonse. Kwa nthawi yoyamba ulesi wa Tembo wandithandiza.

A Jere adutsa pa njinga, aima, ayang'ana matumba aja. "Monire asekuru. Mwayamba kale kumanga chiliza cha tchalitchi chanu?" Munthu amene ndinamuona akuyenda opanda kabudula sindikangana naye.

Lachitatu

Matumba auma gwa. Ndamenya limodzi ndi ndodo, ndodo ndiyo yadandaula.

Mbandakucha kwamveka kulira kutsidya kwa dambo. Azakhali ake a Tembo atisiya. Mbwenu ntchito yonse yaima, khasu likukhudza nthaka ya kumanda kokha. Amuna amene analonjeza kugumula mipando yadothi ali kukumba. Mipando yapulasitiki imene ndimati ndibwereke yonse ili kumaliro. Umodzi ndakhalira ine.

Mayi ameneyu wadwala kuyambira nthawi yokolola. Akanatha kudikira Loweruka lidutse. Koma anali wotero kuyambira kale, ukati kumanja iye kumanzere. Awuse mumtendere.

Pa maliro pomwepo a Jere akuyeza ndi manja kutalika kwa mpanda wawo, anthu akugwedeza mitu. Ndaimba nyimbo mokweza kuti ndisamve. NyaShaba akuti ndinayambitsa ndime imene anthu anali ataimba kale.

Lachinayi

Tembo ali pa chisoni, sagwira chipande chomangira mpaka atameta. Wandibwereka mgwala wokanulira ndi chitseko chachitsulo chija, ndachikoka ndekha pa wilibala.

Chitseko cha mlombwa chakana. Misomali yake ndi yosula pamoto, mitu ngati bowa. Ndakanula, ndakanulanso, wapindika ndi mgwala. Anthu akale ankamanga mwamwano.

Ndati ndiyambe mipando. Ndalowa ndi piki, ndapeza amayi a mpingo akhalapo kale. Lachinayi lililonse amasonkhana m'chakalechi, akuti m'chatsopano malata amawotcha ngati uvuni. Ndawapempha mwaulemu kuti atuluke. Mkazi wa a Jere wati: "Yewo adada, tamva," n'kuyambitsa nyimbo yaitali kuposa zonse. NyaShaba ali kutsogolo, akuimba maso ali pa ine. Mkazi amene ndinamuperekera ng'ombe!

Zatsala za mileme. Ndatenga phale, makala, ndowe zouma ndi tsabola, ndakweza pa mtengo mpaka kudenga, kumbuyo kwa guwa. Utsi wakwera bwino chomene.

Mileme sinasunthe. Zasuntha ndi njuchi. Sindimadziwa kuti zili mmenemo.

Amayi atuluka tsopano, ena pa zenera. Ine ndatuluka pomaliza, chifukwa mkulu sathamanga.

Lachisanu

Diso lamanzere latsekeka. Lamanja likuona pang'ono, ngati poboola singano. Mlomo wapamwamba wafika pa mphuno. NyaShaba wandipaka phulusa, mapewa ake akugwedezeka ndi kuseka.

Palibe wondithandiza. Amuna akuti atopa ndi manda, amayi akuti ali ndi zotupa. Chabwino. Adada analibe komiti.

Ndasakaniza thumba lija ndi mchenga wa kudambo. Lakwana khoma lakutsogolo, mbali zonse za chitseko, kufika m'chifuwa. Kumene mlendo amayambira kuona nkomweko. Ndamata mofufuza ndi zala. Njerwa ya adada ndaipeza ndi dzanja, pali kadzenje, ndaizungulira bwinobwino n'kuisiya poyera kuti ioneke ngati chithunzi m'felemu.

Penti ndapaka simenti isanaume, nthawi palibe. Akuyenderera pang'ono. Koma buluu ndi buluu. Ndabwerera m'mbuyo, ndayang'ana ndi diso langa lija, ndaona chinthu chonyadira, ngati golosale ya ku Boma.

A Jere aima patali, akungomwetulira. Nsanje.

Nkhuku yamawa ndasankha kale.

Loweruka

Ndimayembekeza galimoto yaikulu. Mayi Mbewe wabwera pa njinga yamoto yakabaza kuchokera ku Embangweni, fumbi mpaka m'nsidze, chikwama kumsana, chitenje pamwamba pa buluku. Msinkhu wa mwana wanga womaliza. Wagwada pondipatsa moni. Wandiyang'ana kumaso, wafunsa ngati ndili bwino. Ndati ndimaoneka chonchi.

Nkhuku wadya, ndi chiwindi chomwe. Munthu amene anati musavutike. Ndayang'ana NyaShaba kuti aone.

Njira ya kunyumba imatulukira kumbuyo kwa tchalitchi, ndiye wayambira kumeneko, kumene sindinafikeko. Ndafuna kumukokera kutsogolo, wakana. Akusisita njerwa, akugogoda, akununkhiza, akujambula ming'alu ngati ndi ana a pa ukwati. Wakanda dothi la pakati pa njerwa, wati ndi la pachulu losakaniza ndi laimu. Akuti khoma lotere limapuma: limamwa chinyezi mvula ikagwa, dzuwa likawala limachitulutsa. Ukalimata simenti, chinyezi chimatsekeredwa mkati, njerwa zimafumbwa kuseri iwe ukusangalala. Ndatsokomola.

Pa mng'alu waukulu wamatapo kagalasi mopingasa. Akuti kakasweka, ndiye kuti khoma likuyendabe. Kakakhala, laima.

Walowera kakhomo ka kumbuyo. Mipando yadothi waikhalira, wayeza, wati kumene wayenda yambiri inagumulidwa. Chitseko cha mlombwa wachigwira ngati m'bale. "Ichi chikanachoka, ndikanalira." Wafunsa za zipsera zatsopano pafupi ndi misomali. Ndati mwina mbuzi.

Kenako watsegula chitseko, watuluka kutsogolo, watembenuka.

Waona khoma labuluu lija.

"Ichi wachita ndani?" A Jere akuyang'ana mitambo. Abusa akuyang'ana nsapato. Ine manja ndaika kumbuyo, koma kumbuyoko kunali amayi, ndipo manja anga ndi abuluu mpaka m'zigongono.

Mayiyo wati: "Chonse chikanakhala chonchi, ndikanabwerera pa njinga yomweyi. Pakanakhala palibe chosunga." A Jere apumira m'mwamba, ndaona akudandaula kuti sanandibwereke lona.

Wafunsa ngati oumba njerwa anasiyapo chizindikiro, chifukwa zimenezo zimalemera polemba lipoti. Apa ndadzuka. Ndati tsatireni. Ndaloza ndi ndodo njerwa ija ndinaisiya poyera. Anthu awerama. Lero diso likuona bwino, ndaweramanso ine.

Phazi la galu.

Galu wina wakalekale anaponda njerwa yaiwisi. Ndiye amene ndamuikira felemu. Dzanja la adada lili pansi pa simenti yanga.

A Jere ati: "Adada anu anali ndi zala zozungulira chomene." Anthu aseka mpaka ena kukhala pansi.

Mayiyo sanaseke. Watsegula chikwama, watulutsa katchizulo, kanyundo kamtengo ndi kaburashi. Wati simenti ikadali yanthete, ikhoza kuchoka. "Agogo, amene mukudziwa pamene pali dzanjalo ndinu. Pang'onopang'ono, ngati mukusenda dzira."

Ndagwada pamaso pa mpingo wonse, ndayamba kugogoda ntchito yanga yadzulo. Iye wagwada pambali panga akusesa fumbi. Anthu atopa kuonerera, apita. Dzuwa likupendeka, chatuluka chala chachikulu, kenako chikhatho, kenako chachifupi chija. Nsonga ya chala chaching'ono yapita ndi simenti. Adada tsopano ali ndi zala ziwiri zazifupi, china cha nkhwangwa, china cha mwana wawo.

Wajambula. Walemba dzina lawo lonse, ndi la mudzi, wandifunsa kawiri kuti asalakwitse.

Lamulungu

Abusa alengeza. Tchalitchi chakale sichigwa. Mayi Mbewe adzabweranso mvula ikatha, ndi amisiri odziwa laimu. Mpanda ndi zimbudzi tiumbire njerwa zatsopano.

Athokozanso a Jere ndi komiti yawo "chifukwa chomvera, osakhudza kalikonse." Anthu aomba m'manja. A Jere aimirira, awerama mbali zonse. Munthu amene amafuna kuchigwetsa! Athokoza amayi chifukwa chosamala mipando. Njuchi zokha sanazitchule, koma zinayenera.

Ine andipatsa udindo. Ndiziyang'ana kagalasi kaja, ndiponso ndiziletsa aliyense wobwera pafupi ndi simenti, penti kapena piki. NyaShaba wati asankha bwino, njira za akuba amazidziwa ndi wakuba.

Zimene ndatsala nazo:
khoma labuluu loti ndiligogode lonse, kuyambira mawa, ndi katchizulo kaja
matumba ouma, amene ana akukhalira pa Sande sukulu
mgwala wopindika wa Tembo
khola lopanda tonde

Anthu atabalalika ndapita kukaona. Kagalasi kali bwino. Galu ali m'felemu yake. Ndagwada, ndaika chikhatho changa pa cha adada. Changa chaphimba chonse. Ndinali nditaiwala kuti linali dzanja la mwana. Ndachotsa msanga, kuopa kusiyapo penti.

Chitchalitchi chaima chonchija, ming'alu poyera, mileme mkati, mlendo wapita atachiona chosasamba. Akuti zimenezo ndizo zachipulumutsa. Chabwino.

Koma buluu uja akanauma, akanaoneka bwino. Sindiuza munthu.