Tambala Wakuda wa Fulujensio

Mwambi uwu, ana inu, unayamba motere.

Ku Dwangwa kunali mkamwini wina dzina lake Fulujensio. Pantchito ankathandiza a Danilo, mmisiri wowotcherera zitsulo wochokera ku Philippines, ndipo tsiku lina anawaona akuphika nkhuku ya kwawo yotchedwa adobo. Anangoona kamodzi kokha, koma kumudzi ankasimba ngati anabadwira m'mphikamo.

Munthuyu sankaopa njoka kapena mphenzi. Ankaopa apongozi ake, a Nankhoma, amene anali atapirikitsa kale akamwini awiri pamudzipo.

Loweruka lina m'mawa mkazi wake Esinala anabwera ndi tambala m'khwapa.

"Amayi akuti muphike adobo mumatchula ija, alaweko masana ano," anatero Esinala, nkusenza chimanga ulendo wa kuchigayo.

Fulujensio anathamangira kwa a Danilo. Iwo anamupatsa viniga, soya sosi, adyo, tsabola wakuda ndi timasamba touma tonunkhira.

"Ndikuuze muyezo wake?" anafunsa a Danilo.

"Musavutike bwana, zonse zili m'mutumu."

M'mutumo munalibe kanthu. Atafika kunyumba anaduladula tambala uja, nkukhuthulira viniga botolo lonse. Atalawa, nkhope inachita tsinya. Pofuna kupha kuwawasako anathira soya sosi yense, ndipo nyama inada bii ngati makala. Fungo linkalasa m'mphuno, timasamba tija tikuyandama pamwamba ngati zochokera kwa sing'anga.

Apa mantha anamugwira zenizeni.

"Mayo ine, ndafa! Apongozi akaona masamba awa ati ndawathirira mankhwala. Lero lomwe ndipinda mphasa yanga, Esinala ndimusiya."

Kutaya kudzala? Agalu akanakokera umboni pabwalo. Kukwirira? Nkhumba zikanafukula. Anaona kuti malo obisika ndi amodzi okha, m'mimba mwake. Anadya tambala yense chiimirire, nkupapira msuzi, mafupa nkuika m'thumba la buluku. Atamva mawu a Esinala ndi amayi ake panjira, anathawira m'nyumba nkupiringidza chitseko.

"Bambo a Telezia, tatsegulani!" Esinala anagogoda. "Ndiwo zija zili kuti?"

Chitseko osatseguka.

Fulujensio anasuzumira pamng'alu wa chitseko. A Nankhoma anali atatenga mphika uja kukhitchini, nkuyala mkeka pakhomo penipeni. Ananunkhiza, anakombeza ndi chala, anatola katsamba nkukayang'anitsitsa padzuwa.

"Basi, umboni aupeza," ananong'ona yekha. "Muno sindituluka mpaka Yesu adzabwere."

Koma viniga alibe chibale. Dzuwa litangopendeka pang'ono, m'mimba munayamba kulira ngati chigayo. Anakhala pansi, anaimirira, anapinda miyendo. Windo linali laling'ono, lokwana mphaka. Chimbudzi chinali kuseri kwa nkhokwe, ndipo njira yake inali imodzi, yodzera pamkeka wa apongozi. Inu mukudziwa kuti mkamwini akaona apongozi panjira amapatukira kutchire. Uyu analibenso tchire lopatukira.

Anapirira, anapemphera, thukuta lili kamukamu. Kenako mpiringidzo unagwa pansi, chitseko chija kwee! Fulujensio anatuluka ngati gwape, nkulumpha miyendo ya apongozi ake yonse iwiri, mafupa a tambala akuyoyoka m'thumba njira yonse.

Patapita nthawi anabwerera atafooka, nkunjuta chapatali, maso pansi, kudikira kuti amuuze tsiku lonyamuka.

A Nankhoma anatembenukira kwa mwana wawo. "Uwauze amuna akowa kuti msuzi wokoma chonchi sindinaulawepo chibadwire. Ine ndimadikira nyama yake, osadziwa kuti yapita kale kuseri kwa nkhokwe. Mawa aphikenso, koma pamphika ndidzalondera ndekha."

Esinala anawomba m'manja. "Ndiye ine kugogoda mpaka dzanja kutupa, munthu osatsegula!"

"Umavutikiranji, mwana wanga?" anatero a Nankhoma, akunyambita chala. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."