Diso la Apongozi

Anzanga a pa gulu lino, lekani kundiimbira foni kufunsa chifukwa chake shopu yometera ili yotseka. Khalani pansi mumve. Usiku wapitawu ndalota maloto oti mpaka pano akundizungulirabe m'mutu.

Koma ndiyambe ndakuuzani za kunyumba kwanga, poti ambiri a inu mumangodziwa lumo langa basi. Akazi anga, Esinala, amakolopa ku chipatala, ndiye kolonayu anawapeza komweko ndipo awasunga mpaka achire. Ine anandiyeza, ndilibe. M'nyumba tatsala awiri, ine ndi apongozi anga, a Nangondo, amene anabwera kuchokera ku Kasiya kudzachotsedwa ng'ala m'diso lakumanzere. Diso analikonza bwinobwino, koma adokotala anati lizidonthezedwa mankhwala tsiku ndi tsiku, apo ayi litupa n'kufa. Manja a mayiwo amanjenjemera, shuga anawafooketsa, ndiye ankawadontheza ndi mwana wawo.

Tsopano taganizani. Ine chikwatirire sindinawayang'anepo kumaso apongozi angawo. Ndikawaona akubwera ndimapatuka, akandiona amatembenukira kukhoma. Mawu athu ankadzera mwa Esinala, ndipo chichokereni iye, mayiwo akafuna kundiuza kanthu amauza ndodo yawo, ine n'kumayankha ndowa ya pakhonde. Dzulo kabotolo ka mankhwala ndinakasiya pakhomo pa chipinda chawo n'kuchokapo msanga. Madzulo ndinamva akuuza ndodo kuti madontho onse athera patsaya. Ndinagona mtima uli m'mwamba.

Ndiye ndinangoona ndili mu shopu, kunja kukuwala bwino, ndikumeta dzungu lovala jekete. Dzungulo linali laulemu, linangopempha kuti ndichepetse m'mbali koma phesi ndilisiye. Ndili mkati mometa, mwadzidzidzi ndowa yosambira m'manja, ija ya kampopi, inatsokomola. Tonse tinaima chilili. Ndowa inapepesa, inati si matenda ayi, ndi sopo wangoima pakhosi, ndiye inandiuza kuti akuluakulu akundifuna ku msonkhano, ndipite momwemo ndi chipeso kukhutu.

Panja panali wakabaza akundidikira. Njinga yake inali yotalika ngati mlatho, chifukwa, anatero, masiku ano wokwera saloledwa kupumira woyendetsa m'khosi. Ndinakhala kumapeto kwenikweni. Iye anafika ku msonkhano ine ndikadali ku Kawale, ndiye ndinangotsika n'kuyenda wapansi m'mbali mwa njinga yomweyo mpaka ndinamupeza akusenda nzimbe.

Msonkhano unali mu tenti yaikulu. Akuluakulu anakhala kutsogolo, matayi ali pii, masiki ali pachibwano ngati ndevu. Wapampando anaimirira n'kuyamba kudandaula kuti anthu sakumva za kutalikirana, ndiye akulankhula choncho jekete yake inayamba kumera minga, mphuno n'kufupika, mpaka pa mpandopo panakhala nungu. Palibe anadabwa. Oyandikana naye anangosuntha mipando pang'ono, iye n'kunena kuti mwaona, zikutheka.

Wachiwiri anati vuto ndi losavuta, anthu akhale kunyumba. Mawu asanathe khosi lake linachita makwinya, msana n'kuuma, ndiye tinaona ndi kamba. Anapitiriza modekha kuti iyeyo amakhala kunyumba tsiku lililonse, ngakhale ali pa ulendo, ndipo sanavutikepo. Kumbuyo kwa tenti mayi wina wosenza dengu la tomato anakweza dzanja.

"Bwana, zathu nyumba siziyenda. Tomatoyu ndikakhala naye kunyumba, adya ndani, ndipo ife tidya chiyani?"

Kamba anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi, kenako analowetsa mutu m'chigoba. Mkatimo tinkangomva akuti nkhaniyo aiunika.

Wachitatu anali kale bilimankhwe pamene ndinamuona. Ankawerenga malamulo, diso lina lili pa ife lina lili pa mbale ya masikono. Akati msika utsekedwe ankafiira, akati utsegulidwe ankabiriwira, ndiye pomaliza anakhala wamawangamawanga n'kunena kuti msika ukhale wotseka koma anthu azigula.

Mwadzidzidzi nungu anatchula dzina langa lonse, Yotamu Chagunda, monga amachitira ku khoti. Anati amva kuti m'dziko lonse lino palibe katswiri wa kutalikirana woposa ine, poti masiku onsewa ndakhala mpanda umodzi ndi apongozi osawapumirapo mpweya. Anandipempha ndionetse. Ine manyazi anandigwira, komabe ndinaonetsa mmene ndimapatukira ndikamva ndodo ikubwera, mmene ndimayang'anira chala chaphazi, mmene ndimaperekera moni kwa mtengo wa papaya kuti mayi amve okha. Zinyama zonse zinaomba m'manja, kamba anatulutsa mutu, ndiye pomwepo anakhazikitsa lamulo loti kuyambira tsiku limenelo aliyense ndi mpongozi wa mnzake.

Kunena zoona ndinanyada. Munthu wometa mitu sayamikiridwa kawirikawiri.

Ndiye ndinapezeka ndili mumsika, ndipo anzanga, ulemu umene unali kumeneko sindinauonepo. Anthu ankagulana chofulatirana. Wogulitsa usipa ankauza mulu wa usipa kuti uuze thumba la wogula kuti lero wakwera. Kondakitala wa minibasi anagwada patali, chipewa chili m'manja, akuitanira anthu monong'ona. Pa mlatho abambo awiri anakumana pakati, aliyense anafuna kupatukira mnzake, ndiye onse anagwera mumtsinje mwaulemu, osakuwa. Kunali bata lokoma. Koma ndinaona gogo wina atakhala pansi, mtolo wa nkhuni utamugwera, anthu akumudutsa chammbali maso ali pansi, aliyense akumulemekeza kwambiri moti panalibe womusenzetsa.

Pafupi ndi gogoyo, pamwala, panakhala kamunthu kakang'ono, kovala chipewa cha minga yofewa, kali ndi sutikesi. Kankaoneka kotopa. Kanandipatsa moni mwachifatse n'kudandaula kuti kachokera kutali, koma m'tauni muno lero palibe wokalandira chikwama kapena wokagwira chanza. Ndinakamvera chisoni mpaka pamene kanafunsa funso.

"Kodi si inu muli ndi mayi a shuga kunyumba? Mungondinyamula pa kolala, sindilemera."

Ndinakana. Iko sikanakwiye. Kanati palibe vuto, kadikira ku shopu, poti mitu yonse ndimaigwira ija, umodzi ukhala wake, ndipo madzulo tidzapitira limodzi. Kanayankhula ngati mnansi wopempha moto. Apa m'pamene mantha anandigwira zenizeni, ndipo ndinayamba kuyenda mofulumira kulowera kunyumba.

Ndikuyenda choncho, m'thumba la malaya munayamba kulankhula kanthu. Kanali kabotolo ka mankhwala kaja. Kanati katsala ndi madontho ochepa, ndipo katopa kunyowetsa tsaya lomwe silikudwala. Kenako kanandifunsa ngati ndaona kuti kunja kukuda. Ndinati mwina ndi mitambo. Kanati ndiyang'ane kumwamba. Ine tsiku lonselo ndinali ndisanayang'ane kumwamba, sindikudziwa chifukwa chake, khosi linkangokana lokha.

Ndiye ndinasuzumira pang'ono chammbali, ndipo chimene chinkawala kumwambako silinali dzuwa ayi. Linali diso la apongozi anga. Linali lofiira m'mbali, chikope chikutsika pang'onopang'ono, ndipo chikatsika, mdima unkakwera m'makoma a nyumba za anthu. Nkhuku zinayamba kulowa m'khola. Diso lija silinkandidzudzula, silinkandiitana, linkangodikira monga amadikirira mayiwo pakhonde Esinala akachedwa.

Ndinafika pa geti, koma bwalo lathu, lija mumati n'kosatheka kuyanikapo mabulangete awiri, linali litatambasuka ngati munda wa fodya. Pakati panaima nungu ndi chingwe choyezera. Anati sindingadutse, lamulo ndi lamulo, ndiponso mphunzitsi wake ndine ndemwe. Pambali pake panali chipewa cha malemu amalume anga, amene anandilangiza pa ukwati, chikuyandama chokha pa msinkhu wa munthu. Chipewa chinati kwathu mkamwini sayang'ana mpongozi m'maso, ndisachititse manyazi mtundu. Nungu ndi chipewa anagwedezerana mitu, ngakhale chipewacho mutu chinalibe. Aka kanali koyamba kuona lamulo la boma ndi la makolo akumwera kapu imodzi.

Ndinaganiza zochenjera. Ndinazula nsungwi yaitali, ndinamangirira kabotolo kunsonga, ndinafulatira, ndiye ndinayamba kulozera kumwamba mongoyerekeza. Dontho loyamba linagwera ku Dowa, kunagwa mvula. Lachiwiri linagwera pa dzungu lija, linamera tsitsi n'kubwerera ku shopu mokwiya. Kabotolo kanalira kuti katsala ndi limodzi. Mwadzidzidzi ndinaona Esinala ali kuseri kwa galasi lalikulu, kutali, akukolopa mitambo. Sanandikalipire. Anangogogoda pa galasi, milomo yake n'kufunsa mawu amodzi amene ndinawamva ngakhale panalibe phokoso, akuti wadontheza?

Ndinakhala pansi pa fumbi. Ndinali ndi chisoni, anzanga, chisoni chenicheni, poti ndinaona kuti mayi aja achita khungu chifukwa cha ulemu wanga, ndipo ndikawayandikira mwina ndiwapatsa kamunthu ka sutikesi kaja. Kutali kunali kolakwika, pafupi kunali koopsa. Nditacheuka ndinapeza kamunthuko kali kale pa kolala yanga, miyendo kali lendelende, kakuimba kanyimbo.

Ndiye kuchokera mumdima munatuluka ndodo ya apongozi, ikudumpha yokha, go, go, go. Inadutsa nungu osapempha, inadutsa chipewa, inaima patsogolo panga. Kunsonga kwake kunali kutakoledwa masiki yanga ya nsalu yabuluu, ija anandisokera Esinala.

"Mayi akuti," inatero ndodo, "kwawo ku Kasiya wovala chigoba cha gule safunsidwa kuti ndi mwana wa yani."

Chipewa cha amalume chinadzivula chokha, ngati mmene munthu amavulira chipewa, n'kunena kuti zimenezo n'zoona, icho sichinaone mkamwini aliyense pano. Nungu anatsegula buku la malamulo, analitembenuza, analinunkhiza, ndiye anati za wovala masiki wosamba m'manja amene sakupita ku shopu, bukulo silikuletsa. Ndinafunsa kuti za shopu zalowapo bwanji. Onse anandiyang'ana, ngakhale ndodo, ndipo ndinamva ndekha kuti funsolo linali lopusa.

Ndowa ya kampopi inafika ikuthamanga, madzi akukhavukira. Ndinasamba m'manja, ndinasamba mpaka m'zigongono, ndinavula malaya n'kuwaviika momwemo. Kamunthu kaja kanaterereka pa thovu, kanagwira sutikesi yake, kanati tionanabe, n'kupita ndi madzi mu ngalande. Ndinavala masiki. Bwalo linayamba kufupika lokha ngati nsalu yochapidwa koyamba, ndipo ndinapezeka ndakwera pa mpando wanga wometera, mpandowo ukukwera, ukukwera, kudutsa papaya, kudutsa mawaya a magetsi, mpaka ndinafika pamaso pa diso lija.

Ndinaliyang'ana. Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti Esinala maso anatengera kwa mayi ake. Ndinakweza chikope ndi chala chimodzi, mofatsa ngati mmene ndimagwirira khutu la mwana wometedwa koyamba, ndinapendeketsa kabotolo, dontho lomaliza linatuluka n'kulendewera kukamwa kwa botolo, likunjenjemera, osagwa. Pansi tauni yonse inali chete, anthu ndi zinyama atayang'ana kumwamba. Dontho lili lende, ndinamvanso go, go, go.

Go, go, go.

Ndinatsegula maso. Kunja kunali kutayera, ndipo inali ndodo yeniyeni ikugogoda pa chitseko cha chipinda changa. Pansi pa chitsekocho wina anali atalowetsa masiki yanga yabuluu, yochapidwa, yopindidwa bwino. Ndiye ndinamva mawu a mayi, otsika, olunjika kwa ndodo yawo monga mwa masiku onse.

"Ndodo iwe, tawafunsa eni nyumba ngati muno mungapezeke adokotala. Disoli likuyabwa."

Ndiye inu a mitu yanyankhalala, pirirani, shopu itsegulidwa Esinala akatuluka. Ine ndinatola masiki ija, ndinaivala, ndinatsegula zenera loyang'ana pakhonde n'kukonza kukhosi.

"Ndowa iwe," ndinatero, "uwauze amayi kuti adokotala akusamba m'manja."