A Dontho ndi Magalasi Awo

Tsiku limene ndinakumana koyamba ndi malemu a Dontho, nditangolembedwa ntchito yotsuka magalasi oyezera mankhwala, sanandiyang'ane n'kumaso komwe. Anandigwira dzanja n'kununkhiza zala.

"Mwadzola chiyani, mayi?"

"Mafuta, bambo."

"Mwabwera kudzatsuka magalasi kapena kudzawakazinga?"

Ndi mmene analili munthuyo. Ntchito yawo pafakitale ya mankhwala inali kuyeza chimene ankachitcha kachikopa ka madzi, kamphamvu kaja kogwira dontho kuti lisagwe msanga. Ankathira mankhwala a m'maso m'kachubu kagalasi n'kumawerenga madontho, kukamwa kuli yasa. Bambo wandevu zake, wa ana asanu, kudyera kuwerenga madontho!

Akamawerenga, kutsokomola unali mlandu. Bwana wamkulu atamenyetsa chitseko tsiku lina, a Dontho anamuuza kuti, "Mwandithothola dontho losakhwima. Tulukani, mulowenso ngati munthu." Bwana uja anatulukadi.

Koma woona zakuda ndinali ine wotsuka. Kachubu ndikatsuke kasanu, ndikatsukuluze kakhumi, iwo ankakakweza pawindo n'kukwinya mphuno.

"Sopo, mayi. Sopo akatsalira kachikopa kamafooka, dontho limachepa, wodwala amalandira theka. Bwerezani."

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndinadikira liwu limodzi lokha, lakuti "kayera". Ng'o! Kunyumba ndinkawanyoza mpaka amuna anga ankathawira pakhonde.

Fakitale itagula makina, a Dontho anapumitsidwa. Ine ndinavina. Koma m'chipinda choyezera muja munangoti zii, ndipo ophunzira ntchito amene analowa m'malo mwawo ankayamikira galasi lililonse, ngakhale la zidindo za zala. Kuyamika kwa anthu osaona kumakoma ngati madzi otsukira mbale.

Chaka chatha mwana wawo wamkazi anandipeza pakhomo.

"Amayi, bambo ali m'chipatala ndipo akukana kumwa madzi. Akuti matambula onse ndi auve. Akuti tiitane inu."

Ndinapita ndikung'ung'udza. Ndinawapeza atatsala mafupa okhaokha, maso ali pa diripi, milomo ikuwerenga madontho. Ndinatsuka tambula, kuitsukuluza kakhumi, n'kuwapatsa ili ndi madzi. Anaikweza, naipendeketsa, kuonerera madzi akutsetsereka osasiya kadontho m'mbali.

"Mhm," anatero. "Mwayamba kuphunzira, mayi."

Anamwa onse, gubidi gubidi. Patatha masiku atatu anatisiya.

Nkhalamba yamwano! Zaka zonsezo, n'kundiuza kuti ndayamba kumene. Ndinalira njira yonse yobwerera kwathu.